Mboni Imene Inasiya Kulemba Okanidwa

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, ali ndi ntchito imene banja lathu linalephera kuifotokoza kwa alendo. Mayi athu akafunsidwa amangoti, "Ndi a makompyuta," ndipo wofunsayo nthawi yomweyo amatulutsa foni yake yosweka galasi kuti alamuwo aikonze. Sakonza mafoni. Kwa zaka zambiri sankalembanso mapulogalamu. Ntchito yawo inali kuwerenga zimene ena alemba, kenako n'kunena kuti ayi.

Amagwira ntchito pa kampani yaing'ono, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, momwe fungo la labala limalowera pawindo ndipo makina opopera mpweya amagwedeza makapu a tiyi. Kampaniyo imasamalira pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, ija imene mapulogalamu ena onse amakhalamo ngati alendi m'nyumba ya eni. Makasitomala ake ndi mabungwe osunga zinsinsi za anthu. Mkati mwa pulogalamu yaikuluyo muli kagawo kamene anthu a muofesimo amakatcha Mboni. Mboni siletsa wakuba, sitseka chitseko, siimba belu. Imangolemba kuti wakuti watsegula fayilo yakuti pa nthawi yakuti, wakuti wayesa kulowa ndipo wakanidwa. Tsiku likafika loti china chake chasowa kapena chasinthidwa, anthu amapita kwa Mboni kukafunsa. Ikakhala kuti sinalembe, mlandu umathera pomwepo.

Lamulo la muofesimo n'lakuti aliyense wofuna kusintha khodi, kutanthauza mizere ya malangizo imene kompyuta imatsatira, amatumiza kusinthako kwa mnzake kuti aunike. Kusinthako amakutcha chigamba. Palibe amene amaloledwa kuvomereza chigamba chake chomwe. Wounikayo akakhutira amalemba mawu atatu pansi pake, "Ndaona, zili bwino," ndipo pokhapo chigambacho chimalowa. Zigamba zonse za Mboni zinkadutsa kwa alamu. Iwo ndi amene ankasunga kiyi, osati yachitsulo, koma chilolezo cha m'kompyuta cholowetsera zigambazo. Kiyiyo sanailimbanirane ndi munthu. Atangoyamba ntchito, Mboni inali kagawo kamene aliyense ankakathawa, kosasangalatsa kulemba, kosaoneka ndi maso, kosabweretsa chiyamiko. Anawapatsa monga mmene amapatsira mlendo mpando wothyoka mwendo, ndipo iwo anaukhalira mpaka unasanduka wawo.

Anzawo anawapatsa dzina loti a Bweza, ndipo analilandira monga chipewa choperekedwa monyoza koma chokwana pamutu. Chigamba chikafika kwa iwo, kawirikawiri chinkabwerera kwa mwini wake ndi ndemanga m'mbali. Apa mwaganiza kuti fayilo ilipo, nanga ikasowa? Apa mwatsegula, mwatseka pati? Ndemangazo zinali zazifupi, zopanda moni, zopandanso chipongwe, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka: munthu sankapeza pogwira kuti akwiye moyenera.

Khalidweli silithera kuofesi. Anabwezapo kabati kwa kalipentala chifukwa cha thabwa lakumbuyo, limene limayang'ana khoma ndipo palibe akanaliona mpaka tsiku losamuka. Malangizo a pa botolo la mankhwala amawawerenga mpaka mzere wotsiriza, pamaso pa mkazi wawo amene ndi namwino. Mlongo wangayo amati, "M'nyumba muno ndine ndekha amene ndinalowa osabwezedwa, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo anaiwala magalasi."

Ine ndimagwira ntchito mumsewu womwewo. Ndikaweruka ndimakwera masitepe a kuseri kwa sitolo ya matayala kukadikira alamu kuti tipitire limodzi pa galimoto yawo. Mpando wa alendo uli pakati pa firiji ndi makatoni a mawaya akale. Munthu akakhalitsa pamenepo amasanduka katundu wa muofesi, ndipo anthu amalankhula momasuka pamaso pake. Zambiri zimene ndikusimbazi ndinaziona ndili pampandopo. Zotsalazo alamu anandiuza m'galimoto, mobwerezabwereza, ndisanawafunse.

Kumbuyo kwa mpando wa alamu, msana ndi msana, kumakhala mayi wina amene amamutcha a Mphezi. Dzinalo si lonyoza. Ntchito imene ena amaiyang'ana sabata yonse akukanda m'mutu, iwo amaimaliza tiyi asanazizire, ndipo nthawi zambiri imakhala yolondola. Iwo ndi alamu analowa ntchito chaka chimodzi. Amalemekezana, koma ulemu wake ndi wa anthu awiri amene aliyense amakhulupirira kuti kampaniyo ikanagwa kalekale pakanapanda iye. Ngakhale mipando yawo imagundana, nkhani za ntchito amakambirana polemberana pa kompyuta, moti umamva makiyibodi awiri akuyankhana ngati agalu a nyumba zoyandikana.

Vuto linabwera ndi kasitomala wamkulu wa kampaniyo, bungwe lina losunga mafayilo a odwala. Linadandaula kuti makompyuta ake akuchedwa, ndipo akatswiri ake analoza chala Mboni. Sanalakwitse. Mboni inkalemba zinthu chimodzichimodzi, ndipo kompyuta inkaima kudikira kuti kulembako kuthe isanapitirize. Abwana, eni kampani, munthu wamtima wabwino amene amalonjeza pa foni asanafunse antchito ake, anauza kasitomalayo kuti pofika Lachisanu madzulo zonse zikhala zitakonzedwa. A Mphezi analemba chigamba choti Mboni izisonkhanitsa zolemba zake n'kuzitula pamodzi, m'malo moyenda ulendo pa chilichonse. Makina oyesera, kompyuta yaikulu imene imalira pakona ikuyesa chigamba chilichonse chatsopano, anaonetsa zobiriwira zokhazokha pa sikirini yapakhoma, kutanthauza kuti mayeso onse apambana. Chinatsala chinali chimodzi: mawu atatu a alamu.

Lachitatu ndinapeza abwana ataima pafupi ndi tebulo la alamu, manja ali m'thumba, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wayamba kutopa.

"Akulu, chigamba chija chayamba kumera ndevu patebulo panu."

"Ndikuchiwerenga, bwana."

"Dzulonso munali kuchiwerenga."

"Dzulo ndinali kuwerenga mayina. A Mphezi asintha mayina a zinthu m'mafayilo onse, ndiye chigamba chimene chikanakhala tsamba limodzi chasanduka buku. Ndiyenera kupeta kaye mankhusu kuti ndione mbewu."

A Mphezi sanatembenuke. "Mayina akale aja anali onyansa, madala. Ndakusesererani m'nyumba, m'malo mothokoza mukudandaula fumbi."

"Kusesa kuli ndi tsiku lake, kumanga kuli ndi tsiku lake, achemwali. Mukaphatikiza sitidziwa chimene chapita ndi zinyalala."

"Zonse ndi zobiriwira," anatero abwana, akuloza pakhoma. "Makina avomera. Inu mukuposa makina?"

"Makina amayankha funso limene afunsidwa."

Abwana anakhala m'mphepete mwa tebulo n'kutsitsa mawu, koma mpaka pamlingo woti aliyense m'chipindamo amve. "Ndinene mosabisa, akulu. Kasitomala ameneyu akachoka, muno tizima magetsi. Anzanu onse akudandaula kuti zigamba zimafera kwa inu. Chimenechi chikapanda kulowa Lachisanu, kiyi ija ndipereka kwa wina. Ntchito sikutha, ayi. Muzilemba khodi ngati anzanu. Koma pachipata pakhala munthu wina."

Munthu wakunja angaganize kuti chimenechi n'chilango chopepuka: mpando womwewo, tebulo lomwelo, udindo wocheperapo. Koma alamu alibe china chimene amadziwika nacho. Saimba, samwa, mpira saudziwa. Mboni anailandira ili yodzaza mabowo, ndipo kwa zaka zambiri anaitchinjiriza, osati kwa akuba, koma kwa anzawo omwe, chigamba ndi chigamba. Kuwalanda kiyi kunali kuwauza kuti nthawi yonseyo anali chopinga chabe, ngati hampu ya pamsewu imene aliyense amaitukwana akamadutsa.

Madzulo amenewo ndinalowa nawo m'nyumba kukamwa tiyi. Mlongo wanga anali kusita yunifolomu pabalaza, ndipo nkhani yonse anaimva osakweza mutu.

"Ndiye ingolembani mawu atatuwo. Kodi ndi aatali? Ndikulembereni ine?"

"Sindinamalize kuwerenga."

"Mwapezamo cholakwika?"

"Ayi."

"Nanga mukukana chiyani?"

"Chikuthamanga kwambiri, mayi. Ndalingalira ndekha liwiro limene kusonkhanitsa zolembako kungabweretse. Chigambachi chikupitirira pamenepo. Liwiro lowonjezeralo lachokera kuti?"

"Mwamva zimenezo, achimwene?" anatero mlongo wanga, akundiyang'ana. "Anthu amadandaula zinthu zikachedwa. Amuna anga akudandaula kuti zafulumira. Tsiku lina adzabweza mvula chifukwa yagwa pa nthawi yake."

"Wodwala wanu akachira msanga kuposa mmene mankhwala amagwirira, simudabwa?"

"Ndimathokoza Mulungu n'kuyalira wina pabedipo."

Alamu anamwa tiyi wawo. Mlongo wanga anapinda yunifolomu, ndipo podutsa anawagwira paphewa mwachidule, monga mmene amagwirira wodwala amene akudziwa kuti sangamumvere.

Lachinayi ndinawapeza atatsamira kumbuyo, magalasi ali pamphumi, nkhope ili ya munthu amene wapeza chimene ankafuna ndipo sanakondwere nacho. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanaonepo: anatembenuza mpando.

"Achemwali, tabwerani muone."

"Lembani ndemanga, ndiwerenga."

"Iyi si yolemba. Bwerani."

Nkhani yake, mmene anaifotokozera, inali yosavuta. Munthu akafuna kulowa m'kompyuta kapena kutsegula fayilo, pulogalamu imayamba yaona ngati ali ndi chilolezo. Kale Mboni inkalemba pomwepo, chigamulo chikangoperekedwa, kaya munthuyo waloledwa kaya wakanidwa. Pokonza chigamba chawo, a Mphezi anasamutsira mzere wolembawo kumapeto, kuti zolemba zonse zizisonkhana pamalo amodzi. Koma wokanidwa safika kumapeto. Pulogalamu imamubweza pakhomo pomwepo, mzere wolembawo usanafikidwe. Motero Mboni yatsopanoyo inkalemba mokhulupirika aliyense wololedwa, n'kukhala chete pa aliyense wokanidwa. Munthu akanatha kugwedeza zitseko zonse za mafayilo a odwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuyesa mawu achinsinsi ambirimbiri, ndipo palibe akanadziwa kuti kunabwera munthu. Liwiro lowonjezera lija linachokera pamenepo. Mboni inapepukidwa chifukwa inasiya gawo la ntchito yake, gawo lenileni limene anthu amaisungira.

A Mphezi anawerenga ataima, dzanja lili pakamwa. Si munthu wotsutsa chimene maso ake aona.

"Ndaona," anatero. "Ndalakwitsa. Koma makina oyesera bwanji sanagwire? Mayeso a okanidwa alipo. Ndinawalemba ndine."

Abwana anali atatuluka kale m'kachipinda kawo, ndipo ofesi yonse inasonkhana pakona. Alamu anatsegula makonzedwe a makinawo, nayang'ana. Pa makina oyeserawo Mboni inali yozimitsidwa. Mayeso ake onse, akapeza kuti palibe choyesa, ankangodumpha, ndipo sikirini yapakhoma inkaonetsa mayeso odumphidwa ndi mtundu womwewo wa opambana. Chikomekome cha nkuyu: khoma lonse linali lobiriwira chifukwa palibe chinkayang'anidwa.

"Anazimitsa ndani?" anafunsa alamu, ndi mawu a woweruza.

 Pansi, makina opopera matayala anayamba kulira. Abwana anakanda chibwano.

"Akulu, mwaiwala? Chaka chija Mboni inkadzaza disiki, makina n'kumaima m'mawa uliwonse. Tinakambirana tonse muno. Inu munati tizimitse kwa kanthawi, mpaka tigule disiki yaikulu."

"Disikiyo tinagula."

"Tinagula," anavomereza abwana.

"Kwa kanthawi," anatero a Mphezi, akuwatafuna mawuwo pang'onopang'ono. "Madala, kanthawi kanu kaja kakula. Panopa kayamba sukulu."

Cholakwa chotere sachita anthu osasamala. Amachita anthu amene Mboni amaidziwa bwino kwambiri mpaka inawatopetsa. Zinadziwika madzulo omwewo kuti aliyense m'chipindamo anali ataizimitsanso pa laputopu yake, chifukwa imachedwetsa ntchito. Ankagulitsa kwa ena chinthu chimene eni ake sankafuna kukhala nacho m'chipinda. Panalibe wobisa, panalibe wonama. Aliyense ankadziwa theka la nkhaniyo, kuti Mboni ndi yozimitsidwa, ndipo aliyense ankadziwanso theka linalo, kuti mayeso ndi obiriwira. Magawo awiriwa anakhala m'mitu yomweyo kwa zaka osapatsana moni.

M'galimoto alamu anayendetsa mpaka pa maloboti achiwiri. Kenako anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Kwa kanthawi! Mawu amenewa ndimawabweza kwa ena tsiku lililonse, mlamu. Tsiku lililonse!"

Lachisanu m'mawa anayatsa Mboni pa makina oyesera, ndipo khoma linachita mathothomathotho ofiira, zilonda zakale zimene zinabisika nthawi yonseyo. A Mphezi anatenga ntchito yosiyanitsa zoopsa ndi zimene zingadikire. Alamu anati bowo la okanidwa alitseka okha. Pofika masana anali atalemba kachigamba kakang'ono, kaukhondo, kobwezera mzere wolemba pamalo pamene chigamulo chimaperekedwa, osawononga liwiro limene a Mphezi anapeza moyenera. Anawonjezeramonso chinthu chimodzi chimene anachiona chanzeru: kuti Mboni izilemba dzina limene wokanidwayo anayesa kulowera.

Apa ndi pamene lamulo lawo lomwe linawaluma. Kiyi inali m'manja mwawo, koma chigamba chinali chawo, ndipo palibe amene amavomereza chake. Anachitumiza kwa a Mphezi. Tsiku limenelo ndinaweruka msanga, ndipo ndinali nditangokhala pampando wanga pamene yankho linafika, alamu asanachotse n'komwe dzanja pa mausi. Mawu atatu: ndaona, zili bwino.

Abwana anaomba m'manja. "Basi! Lowetsani, akulu, ndiimbe foni."

Alamu sanasunthe. "Simunawerenge."

"Ndawerenga," anatero a Mphezi, maso ali pa zofiira zawo.

"Munthu sangawerenge mizere imeneyi m'nthawi yoyetsemula."

"Ndi chigamba chanu, madala. Inu mumalakwitsa? Zaka zonsezi mwatiphunzitsa kuti olakwitsa ndife. Ndakukhulupirirani. Landirani ulemu."

"Sindinapemphe ulemu. Ndapempha maso."

"Ambuye wanga!" anatero abwana, atagwira mutu. "Lamulo likuti munthu wachiwiri avomereze. Wavomereza. Kiyi muli nayo. Mukudikiranso chiyani, mawu ochokera kumwamba?"

"Lamulo silikuti munthu wachiwiri alembe mawu atatu, bwana. Likuti aone. Dzulo lomweli tapeza makina akunena kuti zili bwino asanayang'ane. Lero mukufuna ndilandire zomwezo kuchokera kwa munthu?"

"Ndiye mukukana chigamba chanu chomwe?"

"Chigamba sindikukana. Ndikubweza chivomerezo."

Wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka. "A Bweza adzibweza okha!" Kusekako kunafalikira pang'ono, kenako kunazima, chifukwa abwana sanaseke nawo.

Sindinganene kuti alamu anali olondola m'zonse. Akanatha kupempha mofatsa. Akanatha kunena kuti, achemwali, ndikudziwa mwatanganidwa, koma ndithandizeni. Chilankhulo chimenecho sanachiphunzirepo, ndipo a Mphezi, amene anali atachititsidwa manyazi dzulo lake pamaso pa onse, sanali okonzeka kuwaphunzitsa. Anapinda manja n'kuyang'ana kudenga. Abwana anayang'ana wotchi, nayang'ana alamu, nayang'ananso wotchi. Si munthu wankhanza, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu a Lachitatu aja anawanena poganiza kuti sadzafunika kuwakwaniritsa.

"Ndakupemphani mokwanira, akulu."

Analowa m'kachipinda kawo, tinamva kiyibodi ikulira mwachidule, ndipo anatuluka. "A Mphezi, kiyi ili kwa inu. Lowetsani."

Alamu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Anawapukuta kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi alionse amafunira. Nkhope yawo popanda magalasi imaoneka ya munthu wina, wofewa, wosadziwa kumene angaike maso.

A Mphezi anatsegula chigambacho n'kuika chala pa mausi. Ndikukhulupirira kuti anali okonzeka kudina. Koma kuvomereza chinthu chimene wina adzalowetse n'kosiyana ndi kuchilowetsa wekha. Poyamba paja anali woperekeza, tsopano anali mwini ulendo, ndipo kumbuyo kwawo kunalibenso a Bweza oti agwire chimene chingawapulumuke. Chala chija chinachoka pa batani. Anayamba kutsitsa tsamba pang'onopang'ono.

"Achemwali, dinani," anatero abwana.

"Dikirani, bwana."

"Nanunso?"

A Mphezi anapitiriza kutsitsa tsambalo. Anawerenga mpaka pansi, nabwerera pamwamba, naima pa mzere wina. Kenako nawonso anatembenuza mpando.

"Madala, mzere uwu. Mukulemba chilichonse chimene wokanidwa analemba pamalo a dzina?"

"Inde. Tidziwe kuti anayesa kulowera dzina la yani."

"Inuyo simunalembepo mawu anu achinsinsi pamalo a dzina mwangozi? M'mawa, maso akadali olemera, dzanja n'kutsogola? Ine zimandichitikira kawirikawiri. Kompyuta imandikana, chifukwa kulibe munthu wa dzina lotero. Ndiye Mboni yanu ilemba mawu anga achinsinsi poyera, ndipo mzere wotsatira ilemba dzina langa nditalowa bwino kachiwiri. Aliyense wowerenga zolemba za Mboni azitola makiyi a anamwino ndi madokotala ngati mango akugwa."

Alamu anavala magalasi. Anayang'ana mzerewo, milomo ikuyenda mwakachetechete monga amachitira akamawerenga. Chipinda chonse chinadikira, mwina ndi chiyembekezo chosayenera.

"N'zoona," anatero.

"Mwati bwanji? Makina a pansipa akusokosa," anatero a Mphezi.

"Ndati n'zoona, achemwali."

A Mphezi anabwerera ku kiyibodi yawo, nalemba ndemanga, zazifupi, zopanda moni. "Ndabweza," anatero. "Mukakonza, mulembenso mayeso ake. Ndipo bwana, chigamba changa chija ndichigawa pawiri, mayina paokha, liwiro palokha. Sindingalowetse chimene ine mwini sindikuchiona bwino."

Abwana anapisa dzanja m'thumba. Anatenga foni n'kutulukira pa masitepe, ndipo tinawamva akulankhula ndi kasitomala uja ndi mawu awo otsekemera. "Lolemba, bwana wanga. Lolemba ndithu, osalephera." Sanafunse munthu aliyense m'chipindamo ngati Lolemba n'kotheka.

M'galimoto ndinafunsa funso limene linali kundiyabwa. "Alamu, mukanangolowetsa, kiyi ikanakhala yanu. Kodi munkadziwa kuti muli cholakwika?"

"Ndikanadziwa ndikanachikonza, mlamu, mukuganiza bwanji? Sindinkadziwa. N'chifukwa chake ndinkafuna maso. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri."

"Ndiye mwapambana."

"Ndapambana chiyani? Kiyi yapita." Anaimba hutala kwa minibasi imene inaima pakati pa msewu, ngakhale minibasiyo inali itayamba kale kuyenda. "Mukudziwa chimene chikundiwawa? Si kiyi ayi. Mayi amene uja amadziwa kuwerenga. Mwaona mmene wagwirira mzere uja? Zaka zonsezi amadziwa. Onse aja amadziwa. Amangonditayira ine, n'kumanditcha mayina."

Chigambacho chinalowa sabata yotsatira, osati Lolemba, koma kasitomala sanachoke. Kiyi sinabwerere. Abwana anati mtsogoleri sasintha mawu kawiri pa nkhani imodzi, ndipo anawanena ndi nkhope yowongoka, ngati munthu amene sanalonjezepo Lachisanu n'kulisandutsa Lolemba. Mwina ankayembekeza kuti pachipata payenda mphepo. Zimene ndimamva pampando wanga wa pafupi ndi firiji n'zakuti zigamba tsopano zimafera kwa a Mphezi, ndipo ena ayamba kunong'ona kuti bola kale, chifukwa a Bweza ankabweza osaseka. Alamu amalemba khodi ngati anzawo. Dzina lija linawakanirira, ngakhale kuti masiku ano iwo ndi amene amabwezedwa.

Lamlungu lapitali ndinawapeza pabalaza, laputopu ili pamiyendo, tiyi atazizira pambali. Mlongo wanga anali kumasula makatani kuti akachape.

"Abwezanso?" anafunsa, ali pa mpando umene anakwerapo.

"Abweza."

"Pepani, bambo. Mankhwala anu omwe, muwamwe mpaka athe."

"Ndemanga yachiwiri ndi yolakwika. Sanamvetse chimene ndikuchita apa. Ndiwayankha mawa, ndipo ndiwayankha bwinobwino."

"Nanga zinazo?"

Alamu anatsitsira magalasi pamphuno, nakoka laputopu pafupi, nayamba kukonza mzere woyamba.